Automatic yanu ikumachedwa kusintha magiya mmawa? Yambani mwaona izi musanaphwasulitse giyabokosi

June ndi July akafika, makamaka kwa anzathu a ku Dedza, Mzuzu kapena ku Blantyre chiperoni chikagwa, dandaulo limakhala lomwelomweli: ndaliza galimoto mmawa, ndanyamuka bwinobwino koma giya sikusintha, injini ikungokuwa ngati ndaiwala handibuleki, kenako ndikayenda pang'ono zonse zimakhala bwino. Chomwe chimandipweteka ine nchoti anthu ambiri akangonena zimenezi ku garaja amauzidwa kuti bokosi yatha bwana, tiitanitse ina, pomwe nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono kapenanso palibe vuto nkomwe. Nde tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono.

Choyamba dziwani kuti kuchedwa kwina nkwadala. Magalimoto athu ochokera ku Japan awa, ma Corolla, ma Probox, ma Passo, ali ndi kompyuta yomwe imawerenga kutentha kwa madzi a injini, ndipo madziwo akakhala ozizira imakaniza dala giya yomaliza ija ya overdrive komanso imachedwetsa kusintha kuti injini itenthe msanga. Pa ma Toyota ambiri imadikira madzi afike cha mma digiri 60. Onjezerani apo kuti oyilo wa giyabokosi, ATF uja, akazizira amalimba ndiye sayenda mofulumira mu tinjira ting'onoting'ono ta mkatimo. Nde mawa mmawa chitani izi: lizani galimoto, yang'anani kanyali kabuluu ka kutentha pa dashibodi kapena muvi wake ngati ndi yakale, dikirani theka la mphindi kapena mphindi imodzi basi, nyamukani mofatsa osaponda moto kwambiri, ndipo muone kuti giya yayamba kusintha bwino nthawi yanji. Ngati zikukhala bwino kabuluu kakangozima kapena patangopita mphindi zochepa, galimoto yanu ilibe matenda, ikungochita zomwe anaipangira. Ndipo musamaitenthetse poiponda moto ili chiimire pakhomo, mukungotentha petulo wodulayu pachabe, bokosi imatentha bwino ikamayenda.

Koma pali kuchedwa kwina komwe sikwabwino ayi. Mwachotsa pa P mwaika pa D kapena R, mwawerenga wani, thuu, firii, folo galimoto ili duu, kenako nkugunda kuti khu! Kapena mukuyenda, ma revu akukwera koma liwiro silikukwera, kapena mwachoka ku Area 25 mpaka kufika mu Old Town giya yomaliza isanalowe. Apo ndiye pitirizani ndi zotsatirazi.

Yezani oyilo wa bokosi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Pa Toyota yokhala ndi dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, yendani kaye mphindi 15 kapena 20 kuti oyilo atenthe, imani pamalo a fulati osati potsetsereka, injini ikulirabe, pondani buleki nkuyendetsa giya kuchoka pa P kudutsa monsemo mpaka pansi, paliponse muziima kamphindi, nkubwerera pa P. Kenako zulani dipstick, pukutani ndi kansalu koyera kosathothoka ulusi, bwezerani mpaka kumapeto, zulaninso nkuwerenga. Oyilo akhale pakati pa tizizindikiro tolembedwa HOT. Tija ta COOL ntongothandiza kuyerekeza, musamadalire timeneto. Ma Honda ambiri ndi osiyana, amayezedwa mutangozimitsa injini kumene, ndiye funsani kapena onani buku la galimoto yanu. Oyilo akachepa, mmawa pampu imayamba yakoka mpweya, mphamvu yokankhira ma clutch mkatimo imachedwa kukwana, nchifukwa chake imadikira kenako nkugunda. Ndipo oyilo wa bokosi satha yekha ngati petulo, akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha, yalani katoni pansi pa galimoto usiku mmawa muone ngati pali madontho ofiira. Musathirenso mopyola muyezo poganiza kuti kuchuluka nkwabwino, wochuluka amachita thovu ndipo vuto limakhala lomwelo.

Kansalu kaja musataye, kayang'aneni ndi kukanunkhiza. Oyilo wabwino wa automatic wamba amakhala wofiira kapena wofiirira pang'ono ndipo amaonekera. Akakhala wakuda, akununkha ngati chopserera, ndiye kuti ma clutch akhala akupsa. Akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka imikani galimoto tsiku lomwelo, madzi alowa, kawirikawiri kudzera mu kapaipi koziziritsa oyilo komwe kamadutsa mu redieta, ndipo madzi amaononga bokosi msanga zedi.

Tsopano nkhani yomwe ndimafuna muimvetsetse kuposa zonse ndi ya thermostat, kachipangizo kolamulira kayendedwe ka madzi a injini. Kuno kwathu kuli chizolowezi choti galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam kapena ikangotentha kamodzi, amakaniko ena amachotsa thermostat nkutaya, amati izi nza ku Japan kozizira, kuno kumatentha kale. Ine zinandichitikira, ndinapititsa galimoto kuti akaone redieta, nditaitenga inayamba kukana giya yomaliza mmawa uliwonse ndipo mafuta inkamwa koopsa, ndinavutika nayo nyengo yonse yozizira mpaka wina anatsegula nkupeza kuti thermostat mulibe. Kachipangizo kameneka kamatseka madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini itenthe, pa magalimoto ambiri kamatseguka cha mma digiri 80 ndi pang'ono. Mukakachotsa, kapena kakafera kali kotsegula, madzi amangozungulira nkumazizira, kompyuta imaona ngati injini ikadali yozizira ndipo imapitiriza kugwira giya. Kuyesa kwake nkosavuta. Lizani galimoto yozizira, tsegulani boneti, gwirani paipi yaikulu yapamwamba ya redieta, samalani ndi fani komanso malamba. Imayenera kukhala yozizira kwa kanthawi kenako nkutentha mwadzidzidzi. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi pomwe, thermostat ndi yokayikitsa. Chizindikiro china, mukutsetsereka mtunda wautali mmawa ngati potsika kuchokera ku Dedza, kabuluu kaja nkuyakanso kapena muvi nkugwa pansi. Winanso amalumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa, nazonso zimachedwetsa injini kutentha. Thermostat mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi bokosi, ibwezereni.

Mukaona kuti oyilo ali bwino, thermostat ilimo, pitani pa kompyuta ya diagnosis. Koma pemphani kuti asangowerenga ma code nkufufuta, akuonetseni manambala galimoto ili yozizira. Ngati yagona usiku wonse, sensa ya madzi ndi sensa ya oyilo wa bokosi ziyenera kuonetsa kutentha kofanana ndi kwa kunja, nde ikamanena zakutali kwambiri ndiye kuti sensayo kapena waya wake ukunamiza kompyuta. P0128 imaloza ku thermostat, P0115 mpaka P0119 ndi sensa ya madzi, P0711 mpaka P0713 ndi sensa ya oyilo wa bokosi, P0750 ndi solenoid yosinthira giya. Pa Toyota zakale kanyali ka O/D OFF kakamaphethira kokha ndiye kuti kompyuta yasunga vuto, pa Honda imaphethira ndi D. Magalimoto ena akale a ku Japan samvana ndi timakina totchipa tija tolumikiza pa foni, ndiye kakakanika kuwerenga sikuti mulibe vuto.

Pa zosintha oyilo, chonde musagule zongolembedwa ATF basi. Onani pa dipstick kapena m'buku, Toyota zina zimafuna T-IV, zatsopanoko WS, zakale Dexron. Ndipo dziwani ngati yanu ndi CVT, monga Honda Fit, Nissan Note, Sienta ndi ma Vitz ambiri a kuyambira 2005. CVT ilibe magiya oti wani thuu firii, imayendera lamba wachitsulo, mmawa imangosunga ma revu okwera mpaka itenthe ndipo zimenezo nzabwinobwino, koma oyilo wake ndi wakewake, Nissan NS-2 kapena NS-3, Fit yakale HMMF, Toyota TC kapena FE. Kuthiramo ATF wamba nkuipha. Zambiri mwa izi zilibenso dipstick, zimayezedwa pansi pa galimoto oyilo ali pa kutentha koyenera, siza pakhomo.

Ngati oyilo ndi wakale koma sanapserere, khutulani, tsegulani sampu, chibeseni cha pansi pa bokosi chija, tsukani timaginito tomwe timagwira zitsulo, sinthani sefa ndi gasket, thirani watsopano wofanana ndi yemwe watuluka. Amatuluka ndi gawo chabe, wina amatsalira mu torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi bokosi, nde mutha kubwereza mutayenda masabata angapo. Flush, kutulutsa oyilo yense ndi makina, pa bokosi yomwe sinasinthidwepo oyilo chibwerereni ine sindilimbikitsa.

Zonsezi mwachita koma mmawa ikudikirabe nkugunda, mu sampu munapezeka tizitsulo tonyezimira, kapena yayamba kuchita silipi, ma revu kukwera liwiro osakwera, ngakhale itatentha, apo ndiye ma seal a mkati auma kapena valve body, mbali yomwe imagawa oyilo mu tinjira ta mkatimo, yadyeka. Isiyeni igone kwa makaniko wodziwa za automatic kuti mmawa ayese pressure ili yozizira, chifukwa mukapita nayo masana itatentha ayenda nayo nkukuuzani kuti ili bwino.