Marimoti anayi kulowa m'modzi: kaseteredwe ka universal remote

Patebulo panga pankakhala marimoti anayi, ya TV, ya dikoda, ya AV receiver (bokosi lomwe limalandira mawu n'kuwatumiza ku masipika) ndi ya Blu-ray, ndipo yomwe ukuifuna ndi yomwe yabisala pansi pa khushoni. Nditagula universal remote, rimoti imodzi yotha kulamula zipangizo zonsezi, ndinkaona ngati mavuto atha, koma sabata yoyamba inandizunguza mutu kuposa anayi aja, vuto silinali rimoti ayi, ndine ndimangodina mwachimbulimbuli.

Musanaike n'komwe mabatire, yang'anani kaye kuti zipangizo zanu zimamva chiyani. Marimoti ambiri amatumiza kuwala kwa infrared komwe maso sakuona, mukaloza rimoti pa kamera ya foni n'kudina batani muona kanyali kakuphethira (mafoni ena kamera yakumbuyo imakabisa, yesani ya selfie). Koma Fire TV Stick ndi PlayStation 5 sizimva infrared, rimoti zake ndi za Bluetooth, ndiye ngati yanu ndi ya infrared yokha mudzadina mpaka chala kuwawa koma kuli zii. Kenako zungulirani kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, jambulani kasitika ka model number, mulembenso papepala kuti dikoda yalowa pa HDMI iti, Blu-ray pa iti. Pepala limeneli mulifuna kutsogoloku.

Kuti rimoti idziwe chipangizo, zambiri mumagwira batani la Setup mpaka kanyali kayake, mudine TV, mulowetse nambala ya kampani yomwe inapanga TV yanu, ili m'kabuku ka rimotiyo. Kampani imodzi imakhala ndi manambala angapo, ndiye musasangalale msanga TV ikangozima, yesaninso volume, mute, menu ndi input (batani losankhira chipangizo chomwe TV ionetse). Nambala yanga yoyamba inkazimitsa bwinobwino koma menu osatseguka, yachitatu ndiye inagwira zonse. Manambala onse akakanika pali auto search, rimoti imayesa yokha imodziimodzi inu n'kuimitsa TV ikayankha. Batani lina likasowabe, gwiritsani learning: marimoti awiri ayang'anizane patebulo, mpata wa masentimita awiri kapena atatu, mabatire akhale atsopano, mudine pa yakale yatsopanoyo ikopere.

Tsopano pomwe pali nkhani ndi pa macro, ena amati activity. Apa mumauza batani limodzi kuti lichite zinthu zingapo motsatizana: yatsa TV, yatsa receiver, yatsa dikoda, TV ipite pa HDMI 1, receiver ipite pa input ya dikoda. Kumveka kophweka eti? Ine tsiku loyamba zonse zinayaka ndithu, koma chithunzi kulibe, mawu okha akumveka. Chinachitika n'choti TV ikangoyaka imatenga masekondi angapo isanayambe kumva china chilichonse, ndiye lamulo losintha input linafika iyo ili m'tulo. Ikani delay, kanthawi kodikira, pakati pa malamulowo, yambani ndi masekondi asanu kapena kuposa, muzichepetsa pang'onopang'ono mpaka mupeze pomwe zikugwira osadikira nthawi yaitali. Ndipo rimoti muziilozabe komweko mpaka kanyali kasiye kuphethira, ana kwathu amadina n'kuiponya pa mpando nthawi yomweyo, theka la malamulo n'kuthera m'khushoni.

Msampha wina ndi batani la power. Pa zipangizo zambiri batani limenelo limayatsa komanso kuzimitsa, rimoti siiona kuti TV ndi yoyaka kale, imangotumiza. Wina akayatsa TV ndi dzanja inu n'kudina macro, TV izima pomwe zinazo zikuyaka, chisokonezo chokhachokha. Ngati rimoti yanu ili ndi Power On ndi Power Off zosiyana, ikani zimenezo mu macro, chimodzimodzinso input, sankhani "HDMI 1" weniweni osati batani lomangozungulira. Marimoti a Logitech Harmony anali ndi batani la Help lokonzera zoterezi, limakufunsa ngati TV yayaka n'kubwezeretsa zinthu m'malo mwake, chisoni chake Logitech anasiya kuwapanga mu 2021.

Mukaona zinthu zikuyaka kapena kusintha input zokha ngati muli mzukwa m'nyumba, n'kutheka ndi HDMI-CEC, njira yomwe zipangizo zimalamulirana zokha kudzera pa waya wa HDMI, ikulimbana ndi macro yanu. Samsung amaitcha Anynet+, LG amati SimpLink, Sony ndi Bravia Sync. Ine ndinaizimitsa pa dikoda ndi pa Blu-ray, koma samalani ngati mawu a TV amapita ku soundbar (sipika yayitali yoika pansi pa TV) kudzera pa HDMI ARC, polowera waya wa HDMI pomwe pamatulutsanso mawu a TV, chifukwa ARC kawirikawiri imadalira CEC yomweyo, mukaizimitsa pa TV masipika angokhala chete.

Chomaliza ndi volume lock, setani kuti mabatani a volume azilamula receiver nthawi zonse kaya muli pa dikoda kaya pa Blu-ray, apo ayi muzikweza masipika a TV omwe simukuwagwiritsa n'komwe. Marimoti akale aja musataye, chotsani mabatire kuti asadonthe muike mu drowa, tsiku lomwe mudzafune learning kapena menu ina yobisika mudzawafuna.