Kasokedwe ka koseti yochepetsa m'chiuno

Koseti ndi chovala chothina chomangidwa ndi zingwe kumsana. Yezani chifuwa, m'chiuno ndi m'matako, kenako chotsani masentimita 5 mpaka 10 pa muyezo wa m'chiuno mokha. Dulani zidutswa 12 za nsalu yolimba yosatamuka, monga coutil. Nsalu ikamatamuka, koseti siumba kanthu.

Lumikizani zidutswazo, ndipo musokerere tepi yolimba mkati, mozungulira m'chiuno, chifukwa misoko imasomoka pamenepo. Lowetsani tizitsulo tatitali topyapyala m'timatumba tosokedwa m'misoko: totha kupindika m'mbali, tolimba kumsana, uku ndi uku kwa mabowo a zingwe. Kutsogolo ikani busk, chitsulo chokowetsera.

Tizitsuloti sitifinya ayi, timangoletsa nsalu kukwinyika. Chofinya ndi kadulidwe ndi zingwe zakumsana, zimene zimakankhira mnofu wofewa m'mwamba ndi m'munsi. Mukapanikiza nthiti, wovalayo amabanika.