Momwe mungayambire ntchito yoteteza nyanja pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti

Zithunzi zambiri zimene ma setilaiti amajambula ali mumlengalenga n'zaulere. Za ma setilaiti a Landsat, zomwe zinayamba kujambulidwa mu 1972, mumazipeza pa webusaiti ya EarthExplorer, ndipo za ma setilaiti a Sentinel mumazitenga pa webusaiti ya Copernicus. Chimene mabungwe amalipira ndi munthu wodziwa kuziwerenga. Nayi njira yofikirako.

Yambani ndi QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu. Pulogalamuyi ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale. Phunzirani kuika mapu pamwamba pa mapu ena ndi kuyeza kukula kwa malo. Mukazolowera, lembetsani pa Google Earth Engine. Kumeneko zithunzi zimakonzedwa pa makompyuta a Google, motero bandulo yanu siithera pa kudawuniloda mafayilo akuluakulu. Mudzafunika kudziwa pang'ono JavaScript kapena Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu a pakompyuta. Maphunziro a pa intaneti a NASA ARSET, ophunzitsa kugwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti, nawonso salipiritsa.

Kenako sankhani malo amodzi amene mukuwadziwa bwino, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Tengani nyanja ya Chilwa. Inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 madzi ake ambiri anaumanso. Sonkhanitsani zithunzi za Landsat za mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka, musiyanitse madzi ndi mtunda pogwiritsa ntchito NDWI (kawerengedwe kamene kamaonetsa pamene pali madzi pachithunzi), muyeze kukula kwa madziwo. Samalani ndi mabango ndi mlulu wa m'mphepete: pachithunzi amaoneka ngati mtunda pomwe pansi pake pali madzi. Sentinel-2 imaona zinthu zazing'ono mpaka za kukula kwa mamita 10, koma mitambo ya dzinja imaitchinga. Nthawi ya mvula gwiritsani ntchito Sentinel-1, ya radar, yomwe imapyoza mitambo. Ndi iyi imene imathandiza pojambula mapu a madzi osefukira ngati aja a namondwe Freddy mu 2023, komanso mafuta otayika m'nyanja zikuluzikulu.

Musathere pa kompyuta. Pitani ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, ndi foni ya GPS, mufunse asodzi pamene madzi ankafika chaka chatha, muyerekeze ndi mapu anu. Mapu osatsimikizidwa pamalo ine sindimawakhulupirira, ngakhale akongole bwanji.

Amene mtima wawo uli ku nyanja yamchere atsegule webusaiti ya Global Fishing Watch, yomwe imalondola zombo kudzera m'zizindikiro za AIS, zimene zombo zimatumiza posonyeza pamene zili. Yang'anani gombe la Mozambique. Dziwani kuti mabwato aang'ono ndi zombo zimene zazimitsa AIS sizioneka pa mapu a AIS.

Pa za mapepala, MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro a Geo-Information and Earth Observation, pomwe LUANAR ku Bunda ndi Mzuzu University amaphunzitsa za usodzi. Pofunsira ntchito ku Dipatimenti ya Usodzi, ku DoDMA (nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) kapena ku mabungwe a zachilengedwe, tumizani satifiketi limodzi ndi mapu anu a Chilwa, ndi tsamba limodzi lofotokoza m'mene munawapangira ndi pamene angakhale ndi zolakwika.