Mmene ndathanirana ndi kutentha kuchipinda kwanga

Abale kutentha kwa Okutobala kuno ku Lilongwe si masewera, nyumba yathu ku Area 25 ndi yamalata yopanda siling'i ndiye usiku ndimangotembenuka pabedi thukuta lili kamukamu, pilo kunyowa ngati ndathirapo madzi. Fani ndili nayo koma magetsi akathima basi nkhani yathera pompo.

Kenako ndinazindikira kuti vuto lina ndi zogonera zomwezi. Bulangete la mu Juni lija ndinalichapa nkulisunga mu sutikesi, koma chachikulu anali mabedishiti, anga anali a polyester aja owala oterera, samwa thukuta ndiye thupi limangomata. Loweruka ndinapita ku Tsoka kukasankha a kaunjika, ndimayamba ndawerenga kalebulo ngati ndi a thonje kenako nkuwakhudza ndi dzanja. Ndiye pulasitiki ija imabwera ndi matiresi, chigulire ndinali ndisanaichotse, imene ija imasunga kutentha koopsa! Ndinaing'amba, matiresi nkuyanika padzuwa tsiku lonse.

Makatani olemera ndachotsa, atelala andisokera a chitenje. Masana ndimatseka kuti dzuwa lisalowe, madzulo mawindo onse kutsegula koma neti yokha sindisiya, udzudzu wayamba kale. Pano ndikufunda kachitenje kamodzi mpaka kucha.