Mmene Mungathandizire Apolisi Kulondola Foni Yobedwa

Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, ndipo ndiyo imene apolisi amadalira polondola foni yobedwa, ngakhale wakubayo atataya simukhadi yanu. Foni ikadali m'manja mwanu, imbani *#06# n'kulemba nambalayo m'kope la kunyumba. Ngati foniyo imalowa masimukhadi awiri, nambalazo zimatuluka ziwiri, lembani zonse. Bokosi ndi lisiti musataye, pakuti ndizo umboni woti foniyo ndi yanu.

Akakuberani foni mumsika waukulu wa Mzuzu kapena kudepoti, yambani mwapita ku Airtel kapena TNM ndi chiphaso chaunzika kuti atseke simukhadi, chifukwa mbava zimathamangira ndalama za mu Airtel Money ndi Mpamba. Kenako kadandauleni kupolisi ya Mzuzu, mutchule malo ndi nthawi yeniyeni. Apolisi, potsata malamulo, amatha kufunsa makampani a mafoni kuti awauze simukhadi yatsopano yomwe yalowa mufoniyo komanso dera lomwe ikugwirira netiweki.

Ngati pulogalamu yolondolera foni yakuonetsani kumene ili, kaya ku Chibavi kapena ku Luwinga, musapiteko nokha. Kaperekeni uthengawo kwa wapolisi wofufuza mlandu wanu.