Tebulo limodzi, makompyuta awiri kapena atatu: musathamangire kugula zina

Abale anga a ku Joni, ku UK ndi ku Ireland, funso loti makompyuta awiri kapena atatu angagawane bwanji monitor, kiyibodi ndi printa imodzi mwandifunsa kambirimbiri pa WhatsApp ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Ine ndili kuno ku Lilongwe, ndimakonza makompyuta ku Area 25, koma vuto lanu ndikulidziwa bwino coz achemwali anga ali ku Dublin m'kachipinda kamodzi, bedi apa tebulo apo, ndiye pa tebulo lomwelo pakufunika laputopu ya kuntchito, kompyuta ya alamu anga, mwana nayenso azilembapo homuweki. Iwo amafuna kugula monitor yachiwiri ndi kiyibodi ina, ine ndinati achemwali dikirani kaye, muziika pati zonsezo?

Choyamba tembenuzani monitor yanuyo muone kumbuyo. Ma monitor ambiri amakhala ndi polowetsa pawiri kapena patatu, HDMI, DisplayPort, akalekale aja ali ndi VGA ya buluu ija. Kompyuta ina ilowe pa HDMI, ina pa DisplayPort, mukafuna kusintha mungodina kabatani kolembedwa Input kapena Source. Apa mwangogula chingwe basi. Kiyibodi ndiye pali za Bluetooth ngati Logitech K380 zoti imodzi imagwira zipangizo zitatu, mumangosintha ndi mabatani ali pamwamba aja.

Koma ngati mumasintha pafupipafupi tsiku lonse, gulani kabokosi kotchedwa KVM switch. Monitor, kiyibodi ndi mausi zonse zimalowa m'kabokosimo, kuchoka apo zingwe zimapita ku kompyuta iliyonse, ndiye mukadina batani limodzi zonse zimasamukira limodzi ku kompyuta inayo. Ma KVM ena mumangomenya Scroll Lock kawiri osatambasula ndi dzanja lomwe. Alipo a makompyuta 2, alipo a 4. Chonde musanalipire werengani kaye mabowo a makompyuta anu, chifukwa laputopu zambiri zatsopano zili ndi USB-C yokha ndipo si USB-C iliyonse imatulutsa chithunzi, ndiye mutha kufuna adaputa kapena dock. Amene muli ndi monitor ya 4K onani kuti pabokosi palembedwa 4K pa 60Hz, apo ayi mausi iziyenda modukizadukiza mpaka mutu kuwawa. China chomwe chinawavuta achemwali, kiyibodi yawo yopanda chingwe imakana pa bowo la KVM lojambulidwa kiyibodi, titasuntha ka dongle kake, ka USB kakang'ono kolumikizira kiyibodiyo, kupita pa USB wamba wa KVM yomweyo zinatheka pompopompo.

Printa ndiye mvetserani, apa ndi pomwe ambiri mumalakwitsa. Musaidutsitse mu KVM. Imaoneka ku kompyuta imene mwasankha yokhayo, ndipo mukasintha ili mkati mosindikiza, pepala limathera pakati, tangoganizani ndi fomu ya visa kapena ya pasipoti ya mwana, inki ikudula chonchija. Printa ya Wi-Fi ilumikizeni ku rauta ya m'nyumba, aliyense aione yekha ngakhale pa foni, a iPhone kudzera pa AirPrint. Ikamakana kupeza netiweki, nthawi zambiri ndi chifukwa choti ma printa ambiri amamva Wi-Fi ya 2.4GHz yokha osati 5GHz. Ngati ndi ya USB yokha, ilowetseni pa kompyuta imodzi ya Windows, pitani ku Printers & scanners, Printer properties, Sharing, muchonge Share this printer. Kungoti kompyuta imeneyo izikhala yoyaka nthawi zonse wina akafuna kusindikiza. Ndipo amene mumakhala nyumba imodzi ndi anthu ena pa Wi-Fi imodzi, dziwani kuti nawonso printa yanu aziiona.

Laputopu ya kuntchito ikakhala pa VPN, njira yotetezedwa yolumikizira ku netiweki ya kuntchito, nthawi zambiri printa ya kunyumba siioneka, musavutike kuganiza kuti yawonongeka. Osaikamonso mapulogalamu ngati Mouse Without Borders musanafunse a IT, ntchito munaipeza movutikira imeneyo. Pulogalamuyi ndi yaulere, ya Microsoft, yoti kiyibodi ndi mausi imodzi zizigwira makompyuta angapo, koma imafuna kuti kompyuta iliyonse ikhale ndi sikirini yake, ndiye monitor siigawa ayi.

Tsiku lomwe mudzaganize zotumiza katunduyu kumudzi mundikumbukire. Kuno magetsi ndi 230V, mapulagi ndi a mano atatu ofanana ndi a ku UK ndi Ireland, a ku Joni aja amafuna adaputa. Koma inu a ku America werengani kaye kachikwangwani kumbuyo kwa printa, zambiri za laser ndi za 110 mpaka 127V zokha. Mwezi wathawu mayi wina anabwera nayo pashopu ili yatsopano, mwana wawo anaitumiza pa kontena, anangoilowetsa pakhoma kamodzi utsi fuu, ndipo palibe chomwe ndinakwanitsa kuwachitira.