Kuthetsa dzimbiri mumpope wa Mosin-Nagant

Mitengo ya mfuti zakale za asilikali ikukwerabe, ndiye kulekerera mfuti ya Mosin-Nagant 91/30 kuti idyedwe ndi dzimbiri n'kutaya ndalama. Yanga inkachita dzimbiri mumpope ngakhale yopakidwa mafuta. Gwero lake ndi zipolopolo zakale za 7.62x54R: primer yake (kachigawo ka kumbuyo kwa chipolopolo koyatsa onga) ili ndi mankhwala a potassium chlorate, amene akapsa amasiya mchere wokoka chinyezi. Mafuta sasungunula mcherewo, amangoukwirira.

Ndikamaliza kuwombera, tsiku lomwelo ndimatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, n'kuchotsa bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope). Ndimathira theka la lita ya madzi owira mumpope kuchokera kumbuyo, kukamwa kwa mfuti kutaloza pansi, osanyowetsa thabwa lake. Chitsulo chikatentha chimauma msanga. Kenako bulashi, tinsanza touma mpaka tituluke toyera, ndiye mafuta pang'ono. Kumaso kwa bolt nakonso muzitsuka, mchere umafikako. M'mawa mwake pititsaninso kansanza. Kakatuluka kofiirira, bwerezani madziwo.